Kuseri kwa katani ya m'ndege amagulitsako tulo

Amalawi anzanga kuno ku Pretoria akamva kuti ndimagwira ntchito yosamalira anthu m'ndege za maulendo ataliatali, funso lawo limakhala lomwelomwelo. Kaya takumana kutchalitchi ku Sunnyside, kaya pamzere ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Arcadia, wina amandikokera pambali n'kuti, "Achemwali, tatiuzani zoona. Kuseri kwa katani kuja kumachitika zotani kuti munthu ataye ndalama yogulira galimoto pa usiku umodzi wokha?" Ambiri amaganiza za vinyo wodula ndi nyama yonona. Zimenezo ziliko ndithu, koma si zimene zimakweza mtengo. Munthu amene wagula tikiti ya business class kuti aoloke nyanja ya Atlantic wagula malo oti agone chowongoka, ndipo chilichonse chimene ife timachita usiku umenewo n'chofuna kuti tulo timupeze.

Kuti mumvetse, yambani mwaona kutalika kwa ulendowo. Wochokera ku Pretoria amatsika ndi msewu wa R21, kapena amakwera Gautrain pa Hatfield n'kukasintha pa Marlboro, mpaka pabwalo la ndege la OR Tambo. Pamenepo pamanyamuka ndege ya Delta, ya mtundu wa Airbus A350, yopita ku Atlanta, mtunda wa makilomita pafupifupi 13,600. Pamanyamukanso ya United, Boeing 787, yopita ku Newark pafupi ndi New York, imene inayamba ulendowu mu 2021. Zonse ziwiri zimatha maola pafupifupi 16 zili mumlengalenga osatera paliponse, ndipo zonse zimanyamuka dzuwa litalowa.

Kunyamuka usikuko kuli ndi zifukwa zake. China n'chakuti anthu afike ku America m'mawa, apeze ndege zowapititsa m'mizinda ina. Koma chifukwa chimene oyendetsa ndege amadandaula nacho kwambiri ndi malo amene bwaloli linamangidwa. OR Tambo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere. Pamalo okwera chonchi mpweya umakhala wopepuka, ndipo kukatentha umapepukirako. Mapiko amasowa pogwira, mainjini nawo satulutsa mphamvu zawo zonse, pomwe ndegeyo yamwa mafuta okwanira ulendo wa maola onse aja. N'chifukwa chake msewu wina wothamangirapo ndege pabwaloli ndi wautali kupitirira makilomita 4, ndipo ndege zolemera kwambiri zimadikira kuti kunja kuzizire. Tsiku lotentha zedi, mipando ina imatha kupita yopanda anthu, kapena katundu wina kutsala, kuti ndege isapitirire kulemera kololedwa. Mukadzaona mpando wopanda munthu pomwe pakauntala anakuuzani kuti ndege yadzaza, nthawi zina nkhani yake imakhala imeneyi.

Akuluakulu amene anatiphunzitsa ntchito amakumbukira njira ina. Kuyambira mu 1963 mayiko ambiri a mu Africa analetsa ndege za South African Airways kudutsa mumlengalenga mwawo chifukwa cha tsankho la apartheid, choncho zinkazungulira cha kunyanja n'kumakamwera mafuta pachilumba cha Sal ku Cape Verde. Mu 1986 dziko la America linaziletsa kutera m'mabwalo ake, mpaka ndale zitayamba kusintha kuno. Ngakhale pambuyo pake, maulendo ambiri a ku New York ndi Washington ankaima kaye ku Dakar kapena ku Accra pakati pa usiku, magetsi n'kuyaka, ogona n'kudzutsidwa. Ulendo wosaima umene tikuuona ngati wamba lerowu unatheka chifukwa cha ndege zatsopano zosamwa mafuta ambiri.

Popita kumadzulo ndege imathamangitsana ndi mdima. Nthawi ya ku Atlanta ndi New York imatsalira ndi maola 6 kapena 7 poyerekeza ndi ya kuno, malinga ndi nyengo, ndiye usiku umachita kutanuka. Mwanyamuka kuli mdima, mwadya, mwagona, mwadzuka, pawindo kudakali bii. Aliyense amene anakwerapo basi yochokera ku Johannesburg kudzera pa Beitbridge ndi Nyamapanda mpaka pa Mwanza amadziwa zimene kukhala pampando nthawi yaitali kumachita: mapazi amatupa mpaka nsapato kukana, msana umauma, khosi limapweteka chifukwa chosinza mutu uli lende. Thupi la munthu silipuma bwino litakhala tsonga. Mtengo wa business class ndi mtengo wothawa zimenezi.

Nkhaniyi ndi ya masamu basi. Kumbuyo, ku economy, kuchokera pampando wina kufika pa wakutsogolo kwake pamakhala masentimita pafupifupi 80. Kutsogolo mpando ukatambasulidwa umasanduka bedi la mamita pafupifupi 2, ndipo m'ndege zamakono aliyense amakhala ndi potulukira pakepake, osadumpha miyendo ya mnzake. Malo a munthu mmodzi kutsogolo akanakwana anthu atatu kapena anayi kumbuyo, ndiye kampani imafuna kuti mmodziyo alipirire onsewo. Ndege zambiri za 787 za United zili ndi mipando 257, ndipo 48 mwa imeneyi ndi ya kutsogolo, koma yatenga gawo lalikulu zedi la ndegeyo. Bedi loterelo si lakale ayi. British Airways ndiyo inayamba kuika mabedi owongokeratu mu business class m'chaka cha 2000, makampani ena n'kutsatira pang'onopang'ono. Kale kutsogoloko kunali mpando waukulu chabe wopendekera chagada.

Ambiri mwa amene ndimawaona m'mipando imeneyi sanatulutse ndalama m'thumba mwawo. Pretoria ndi mzinda wa maofesi a akazembe, wa nthambi za boma, wa mayunivesite, komanso wa mafakitale a galimoto monga a Ford ku Silverton ndi BMW ku Rosslyn. Bwana akatuma wantchito wake kuti atsike ndege m'mawa n'kukalowa mumsonkhano tsiku lomwelo, amaona kuti kuli bwino kumugulira bedi kusiyana n'kutaya masiku awiri munthuyo akuodzera.

Tsopano ndikulowetseni m'kakhitchini kathu. Ndi kamalo kopanikiza, anthu awiri akaima atembenuzirana misana amagundana. Mulibe moto, mulibe poto. Chakudya chonse chimaphikidwa pansi, m'makhitchini akuluakulu a pafupi ndi bwalo la ndege, n'kuziziritsidwa msanga kuti chisaonongeke, kenako chimabwera m'timangolo tachitsulo totsekedwa. Ife timangochitenthetsa mu uvuni wa mpweya wotentha. Luso lagona pa nthawi: nyama ya ng'ombe ikapitirira mphindi zochepa chabe imauma gwa, nsomba imafuna nthawi yake, ndiwo zamasamba zimatenthetsedwa pazokha kuti zisafote. Kenako ndimatenga mbale yofunda, n'kuika chilichonse pamalo pake monga chikuonekera pachithunzi chimene ophika anatipatsa, n'kupukuta m'mphepete mwa mbale, ndege ikugwedezeka pansi pa mapazi anga. Kumbuyo chakudya chimafika kwa munthu m'kambale komwe chinatenthetsedwera. Kusiyana kwenikweni n'kumeneko, pamodzi ndi ufulu wodya nthawi imene mwafuna.

Chakudyacho chikakhala kuti sichikukoma monga kunyumba, musafulumire kunyoza ophika. Ndege ikakwera mamita 11,000, kunja kumazizira kufika madigiri 50 pansi pa ziro kapena kuposerapo, ndipo mpweya wake munthu sangakhale nawo moyo. M'kati timapuma mpweya wopopedwa ndi makina, wofanana ndi wa paphiri la mamita 1,800 mu A350 ndi 787, kapena 2,400 m'ndege zakale. Mpweyawu ndi wouma kwambiri. Mphuno zimauma, fungo silimveka bwino, ndiye lilime limalephera kumva mchere ndi shuga monga mwa masiku onse. Madzi nawo amawira asanatenthe kufika madigiri 100, n'chifukwa chake tiyi wa m'ndege samakolera ngati wa pambaula. Anthu okhala kuno ku Gauteng ali ndi kamwayi pang'ono, popeza matupi awo anazolowera kale kukhala pamalo okwera.

Mpweya woumawu ndi umene umandichititsa kuumirira pa nkhani ya madzi. Vinyo ndi waulere kutsogolo, ndipo ena amafuna kubweza ndalama yawo kudzera m'tambula. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa mowa umagonetsa msanga koma tulo take n'todukaduka, ndipo pakatha maola atatu munthu amadzuka kukhosi kuli gwa, mutu ukuwaza. Anthu ozolowera maulendowa amadyeratu pansi asanakwere, akalowa amangopempha botolo la madzi, n'kutiuza kuti tisawadzutse.

Tikachotsa mbale timathandiza kuyala. Mpando umatsetsereka ndi batani mpaka kuwongoka, pamwamba timayalapo kamatiresi kopyapyala ngati kampani imapereka, kenako mtsamiro ndi bulangete. Pamenepo ndimapempha chinthu chimodzi kwa aliyense, kaya ndi nduna kaya ndi mwana wasukulu: mangani lamba pamwamba pa bulangete, pamene ndingamuone ndi tochi osakugwedezani. Patangopita maola angapo chinyamukire, ndege imafika chapakati pa dziko lapansi, pamene mphepo zochokera kumpoto ndi kumwera zimakumana n'kuunjika mitambo italiitali ya mabingu. Ndi mkombero womwewo wa mvula umene a zanyengo kwathu amaulengeza ukamatsikira ku Malawi nthawi ya dzinja. Oyendetsa ndege amaiona mitamboyo pa radar n'kuilambalala, koma palinso mafunde a mphepo amene amabwera kumwamba kuli mbee, ndipo radar siwaona. Ndege yokha imapirira bwinobwino, inapangidwira zimenezo. Amene amavulala ndi munthu wosamanga lamba, chifukwa ndege ikatsika mwadzidzidzi iye amanyamuka n'kukagunda kudenga. Wogona chowongoka amanyamuka mofanana ndi wokhala tsonga.

Anthu ambiri sadziwa kuti nafenso timagona. M'ndege zimenezi muli kachitseko kooneka ngati ka kabati, kuseri kwake kuli timasitepe tokwera kudenga, ndipo kumeneko kuli timabedi topapatiza totchingidwa ndi nsalu. Timagawana pawiri: ena akupuma, ena akuyendera anthu, kuona zimbudzi, kumvetsera ngati pali fungo la utsi. Oyendetsa ndege amakhala anayi pa ulendo wautali chonchi, awiri ali pampando, awiri akugona m'chipinda chawo. Malamulo ndiwo amafuna zimenezi, chifukwa munthu wotopa saganiza bwino. Pakati pa nyanja palibe radar ya pansi, choncho ndege imauza oyang'anira zamumlengalenga pamene ili kudzera pa setilaiti ndi wailesi. Njira yake imajambulidwa isananyamuke, moti paliponse pamene ili pamakhala bwalo lina limene ingakafike ndi injini imodzi m'nthawi imene malamulo analola, kaya kugombe la kumadzulo kwa Africa, ku Cape Verde, kumpoto chakum'mawa kwa Brazil kapena kuzilumba za Caribbean.

Apa ndi pamene ndimafuna kuti abale anga okhala kumbuyo amve bwino. Tikiti yodula sigula chitetezo chochuluka. Injini ndi zomwezo, oyendetsa ndi omwewo, mpweya wopuma pangozi ndi jekete loyandamitsa pamadzi zili pampando uliwonse. Ponyamuka ndi potera katani ija timaitsegula n'kuimanga pambali kuti njira ikhale yoonekera. Mtundu uliwonse wa ndege yaikulu usanaloledwe kunyamula anthu, opanga amayenera kusonyeza kuti onse angatuluke m'masekondi 90 theka la zitseko litatsekedwa, ndipo maphunziro amene timabwereza chaka ndi chaka ndi a zimenezi: kuzimitsa moto, kutsitsimutsa munthu amene mtima waima, kutulutsa anthu pamtunda ndi pamadzi. Mayi akakomoka pampando wakumapeto kwenikweni, mbale za kutsogolo zimadikira.

Pali bodza lina lofala, lakuti ukavala suti ndi tayi, n'kumwetulira bwino pakauntala, amakukweza kupita kutsogolo. Masiku ano kompyuta ndi imene imasanja mayina, poyang'ana amene amayenda kawirikawiri ndi kampaniyo komanso mtundu wa tikiti imene anagula. Ine ndilibe chilolezo chosamutsa munthu chifukwa choti ndamukonda kapena ndi wakwathu, ndipo mnzanga akandipempha m'Chichewa ndimamuuza zoona zomwezi. Njira zenizeni ndi kusunga mapointi a maulendo, kapena kuyang'ana masiku omaliza ulendo usanafike, pamene makampani ena amatsatsa mipando yotsala pamtengo wotsikirapo.

Ndani tsono ayenera kugula? Ine ndimati munthu wodwala msana kapena chiuno, gogo amene ana ake ali ndi kuthekera, kapena amene akukagwira ntchito yolemetsa akangotsika. Kwa amenewa si kunyada, bedilo limawathandizadi. Koma kutenga katapila kapena kugwira ndalama ya fizi pofuna kukajambulitsa chithunzi pampando wakutsogolo, zimenezo ndimakana poyera. Wopita kukaona mwana akulandira digiri angathe kufika tsiku limodzi msanga n'kukagona pabedi lenileni, ndalama yambiri n'kutsala. Ali ku economy asankhe mpando wa m'mbali mwa kanjira, aziimirira n'kuyendayenda pakapita maola awiri kapena atatu, azigwedeza akakolo atakhala pansi, azimwa madzi. Kukhala malo amodzi nthawi yaitali kumatha kuundanitsa magazi m'mitsempha ya m'miyendo, ndiye amayi oyembekezera, amene achitidwa opaleshoni posachedwa ndi amene vutoli linawachitikirapo ayambe aonana ndi dokotala, afunsenso za masokosi othina opangidwira zimenezi.

Kukatsala ola limodzi ndi theka kuti titere timayatsa magetsi pang'onopang'ono n'kuyamba kugawa chakudya cham'mawa. Wotchi ya ku Atlanta imati kukucha kumene, pamene thupi la wochokera ku Pretoria likuti ndi masana. Amene wagona maola asanu ndi awiri kutsogolo amapirira tsikulo mosavuta, koma naye thupi lake limatenga masiku angapo kuti lizolowere nthawi yatsopano. Onse awiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo, chimawathandiza n'chimodzi: kutuluka panja kukaothera dzuwa la kumeneko, kudya pa nthawi ya kumeneko, ndi kulimbana ndi tulo mpaka kunja kutada.