Golide pa khansa: fodya wako ndi wa pamphuno

Anthuni, golide timamudziwira pa ndolo ndi mphete zaukwati. Koma kodi mukudziwa kuti kamzere kofiira kamene kamatuluka pa tizipangizo tambiri toyezera malungo kapena mimba ndi golide? Ndi golide ndithu, koma wosandutsidwa timibulu tating'ono zedi, toti ngakhale mazanamazana titandandana sitingafike kunenepa kwa tsitsi limodzi. Akachepa chonchi amafiira, monga anaonetsera Michael Faraday ku London m'chaka cha 1857.

Tsono akatswiri akufuna timibuluti tilimbane ndi khansa. Mitsempha ya magazi ya m'chotupa imadontha ngati denga lakale la udzu, choncho timibulu tikabayidwa m'magazi, tina timakaunjikana m'chotupamo. Tikafika ntchito zake n'zitatu. Golide amatchinga X-ray, motero chotupa chingaoneke bwino pachithunzi. Angasenzenso mankhwala n'kukawatula pa chotupa pomwepo, m'malo mozunza thupi lonse. Chachitatu, akamuwalitsira laser amatentha n'kuwotcha chotupacho.

M'chaka cha 2019, madokotala a pa chipatala cha Mount Sinai ku New York analengeza kuti anayesa njira yowotchayi pa abambo 16 odwala khansa ya prostate. Patatha chaka, ambiri mwa iwo khansa sinapezekenso pamalo powotchedwapo.

Nkhani yabwino, eti? Koma tisafulumire kuvina. Abambo 16 sangadzaze n'komwe minibasi ziwiri. Ndiponso m'chaka cha 2016, gulu la Warren Chan ku University of Toronto linaunika kafukufuku wa zaka khumi wochitidwa pa nyama, n'kupeza kuti pa timibulu 1,000 tobayidwa, pafupifupi 7 tokha ndi timene timafika pa chotupa. Tambiri timakathera m'chiwindi. Kunena zoona, ulendo ukadalipo.

Nkhawa yanga ine ili apa: nkhani zotere zikamveka, atsizinamtole sachedwa. Mawa lomweli wina atulukira pamsika ndi botolo la "madzi a golide", ati amachiza khansa. Abale anga, musataye mpamba wanu wa geni. Kumwa golide sikuchiza chotupa ayi.

Chimene tili nacho m'manja ndi ichi: khansa ya khomo la chiberekero, imene ikutha amayi athu, imayezedwa m'zipatala zathu ndi viniga wamba, ndipo ikapezeka msanga imachizika. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse lino m'chaka cha 2019. Ophunzira inu, werengani za golideyu mwakhama, mwina odzamaliza ntchitoyi ndinu. Koma lero lino, perekezani mayi anu ndi alongo anu akayezetse.