Fumbi la chilimwe: nyanja ikudya, munda ukuonda

Mwezi wa Seputembala ukafika, chigwa cha kumunsi kwa mapiri a Dedza chimangoti mbuu. Kuyambira pa Golomoti, kudzera pa Mua mpaka pa Mtakataka, akamvuluvulu amavina m'minda youma, utsi wa tchire umabisa mapiri, ndipo amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa M5 amakhalira kupukuta malonda awo. Kwa anthu ambiri fumbi ndi chifuwa, maso ofiira ndi zovala zosachedwa kuda basi.

Koma akatswiri a sayansi ati fumbi lili ndi ntchito ina yomwe maso saona: limadyetsa zamoyo za m'madzi. Usipa womwe banja lagula pamsika uli pa ubale ndi dothi louluka ndi mphepo. Chovuta n'chakuti chomwe nyanja ikulandiracho ndi chomwe munda wa munthu wina wataya.

Moyo wa m'nyanja umayambira pa ndere zing'onozing'ono zoyandama, zosaoneka popanda makina oonera tinthu tating'ono. Nderezi ndi zomera ngati chimanga. Zimafuna dzuwa komanso michere monga naitirojeni, fosifolasi ndi ayironi. Tizilombo ta m'madzi timadya ndere, nsomba zazing'ono zimadya tizilomboto, ndipo nsomba zazikulu zimadya zazing'onozo. Ndere zikasowa chakudya, njala imakwera mpaka kukafika pa khoka la msodzi.

M'nyanja zikuluzikulu zamchere, mchere wosowa kwambiri m'madera ena ndi ayironi, yemwe uja amapezeka m'mapilitsi owonjezera magazi amene amayi oyembekezera amalandira kusikelo. M'dothi ayironi ndi wambiri, ndipo ndiye amafiiritsa katondo. Koma pakati pa nyanja yamchere, kutali ndi mitsinje, ayironi amafika makamaka pokwera mphepo.

Yemwe adatchukitsa mfundoyi ndi katswiri wa ku America, John Martin, wa ku Moss Landing Marine Laboratories m'chigawo cha California. M'zaka za m'ma 1980 iye adadabwa kuona kuti madera ena a nyanja yamchere ali ndi naitirojeni ndi fosifolasi wokwanira koma ndere zake n'zochepa. Adati chosowa ndi ayironi, ndipo anzake ambiri adamutsutsa.

Martin adamwalira mu 1993, miyezi yochepa ganizo lake lisanayesedwe. Mu Okutobala chaka chomwecho anzake adathira pafupifupi theka la tani la ayironi m'nyanja ya Pacific, kufupi ndi zilumba za Galapagos, ndipo ndere zidachuluka. Atabwereza mu 1995, madzi omwe adali oyera mbee adasanduka obiriwira m'masiku owerengeka.

Ntchito yomwe akatswiriwo adagwira ndi sitima, mphepo imaigwira chaka ndi chaka. Gwero lalikulu la fumbi padziko lapansi ndi chipululu cha Sahara, makamaka chigwa cha Bodélé m'dziko la Chad, pomwe kalekale padali nyanja yaikulu yomwe idauma. Kafukufuku wa bungwe la NASA yemwe adatuluka mu 2015 adapeza kuti matani pafupifupi 182 miliyoni a fumbi amatuluka m'chipululuchi chaka chilichonse kulowera kunyanja ya Atlantic. Lambiri limagwera m'madzi, koma matani oposa 27 miliyoni amakafika kunkhalango ya Amazon ku South America, komwe amasiyako fosifolasi wokwana matani pafupifupi 22,000.

Zoterezi zachitikanso kufupi ndi kwathu kuno. Kuyambira mu Novembala 2019 mpaka kumayambiriro kwa 2020, makina a setilaiti adaona dera lalikulu la nyanja ya Indian Ocean, kummwera chakummawa kwa Madagascar, litabiriwira ndi ndere panyengo yomwe sizichitikachitika. Kafukufuku yemwe adatuluka mu 2024 adati gwero lake lidali fumbi lochokera m'madera ouma a Namibia ndi Botswana, komwe kudali chilala choopsa. Mphepo idalinyamula, mvula n'kuligwetsera m'nyanja. Panthawi yomweyo utsi ndi phulusa la moto wolusa wa ku Australia zidachulukitsa ndere m'nyanja ya kummwera kwa dziko lapansi.

Nanga nyanja ya Malawi? Iyi ndi ya madzi opanda mchere ndipo yazunguliridwa ndi mtunda, choncho njala yake yaikulu ndi ya fosifolasi ndi naitirojeni, michere yomwe mlimi amaigula m'thumba la feteleza. Komabe njira ya mlengalenga ndi yomweyo.

M'zaka za m'ma 1990 akatswiri Harvey Bootsma ndi Robert Hecky, pamodzi ndi anzawo a muno m'Malawi, adayeza zomwe zimalowa m'nyanjayi. Ntchito yambiri idachitikira ku Senga Bay m'boma la Salima, pansi pa pulojekiti ya SADC/GEF yoteteza zamoyo za m'nyanja ya Malawi. Iwo ankatchera madzi a mvula ndi fumbi logwa kuchokera kumwamba n'kumaziyeza. Adapeza kuti kuwonjezera pa mitsinje, mlengalenga umabweretsa gawo lalikulu la naitirojeni ndi fosifolasi watsopano wolowa m'nyanja, ndipo adati kutentha tchire ndi chimodzi mwa zoyambitsa zake.

Si fumbi lonse la pa Golomoti lomwe limagwera m'nyanja. Lina limatsamira m'mapiri, lina limatera pamadenga. Komanso utsi wogwera m'nyanja suchokera ku Dedza kokha, pakuti m'chilimwe tchire limapsa ku Mozambique, Zambia ndi Tanzania komwe, ndipo mphepo sidziwa malire.

Nyanjayi ilinso ndi nkhokwe yakeyake. Ndi yakuya mamita pafupifupi 700 chakumpoto, ndipo michere yambiri imakhala m'madzi akuya, kutali ndi dzuwa. Mwera ukamaomba kuyambira mu Meyi mpaka Ogasiti, umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo madzi ozizira okhala ndi michere amatumphuka chakummwera. N'chifukwa chake nthambi ziwiri za kummwera kwa nyanjayi, kuphatikizapo yomwe ili kummawa kwa Mtakataka, zili ndi nsomba zambiri kuposa madera ena. Chambo chimadya ndere, usipa ndi utaka zimadya tizilombo todya ndere, pomwe ncheni ndi kampango zimadya nsomba zinzawo.

Wina angati, ngati fumbi ndi utsi zikudyetsa nsomba, bwanji osaotcha tchire lonse kuti usipa utchipe? Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Michere ikachuluka mopitirira muyeso, ndere zimaswana mosaletseka, ndipo zikafa n'kuyamba kuola zimamaliza mpweya womwe nsomba zimapuma. Mitundu ina ya ndere zotere ili ndi poizoni ndipo sidyedwa bwino ndi tizilombo tomwe usipa umadalira.

Izi zidaoneka kale kunyanja ya Victoria, pakati pa Uganda, Kenya ndi Tanzania. Kuyambira cha m'ma 1960, anthu atachuluka ndipo nkhalango zitadulidwa, madzi ake adayamba kuda ndi ndere, mpweya udachepa m'madzi akuya, ndipo pambuyo pake namasupuni adatseka madoko. Nyanja ya Malawi ikadali yoyera kuposa ya Victoria, koma ili ndi kufooka kwake. Mtsinje wotulutsa madzi ake ndi umodzi wokha, Shire, ndipo madzi ambiri amachoka ngati nthunzi, kusiya m'mbuyo zonse zomwe adabwera nazo. Chomwe chalowamo chimatenga zaka zambirimbiri kuti chituluke.

Mphepo ikasesa dothi m'chilimwe, mvula yoyamba imadzamaliza ntchito. Nthaka yopsa ndi yosaphimbika imakokoloka n'kulowa m'mitsinje monga Bwanje, Livulezi, Namikokwe ndi Linthipe. Matope ake amadetsa madzi a m'mbali mwa nyanja, kukwirira malo oswanirana chambo ndi miyala yomwe mbuna zimapezapo chakudya.

Wotaya kwambiri ndi mlimi. Mphepo siinyamula mchenga wolemera. Imasankha dothi losalala la pamwamba, komwe kuli chonde. Mapesi akaotchedwa posaka mbewa kapena pososa, naitirojeni wambiri amapita ndi utsi, ndipo phulusa lotsala, momwe muli fosifolasi, limauluka ndi kamvuluvulu woyamba. Pofika Novembala mlimi yemweyo amakaima pamzere kufuna feteleza wodula kuti abwezeretse zomwe adazipereka kwa mphepo ulere.

Alangizi a zaulimi akhala akunena njira zake kwa zaka zambiri: kukwirira mapesi kapena kuphimbira nawo nthaka m'malo mootcha, kupanga manyowa, kulambula njira zotchinga moto m'mbali mwa nkhalango, kusiya mitengo ya msangu m'minda, kubzala udzu wa vetiva m'mizere ya akalozera, ndi kusalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Palibe mwa izi chomwe chimafuna ndalama zambiri.

Fumbi silidzatha, ndipo nyanja idzapitiriza kulandira gawo lake monga yakhala ikuchitira kuyambira kalekale. Chomwe chili m'manja mwa anthu a m'chigwachi ndi muyeso wake. Mlimi wa pa Mua akasunga mapesi ake chaka chino, wateteza nsima yake, ndipo watetezanso ndiwo zomwe msodzi wa kugombe adzabwere nazo pamsika wa Mtakataka.