Khansa ya bere ikasiya kumva mankhwala, magazi amatha kuulula chifukwa

Ngati mukusamalira mayi wodwala khansa ya bere yomwe inafalikira, mwina mwaonapo izi: mankhwala anayamba bwino, chotupa chinaphwa, koma patapita miyezi kapena zaka msana wayambanso kuwawa ndipo thupi likutha. Achibale ena amayamba kunena za ufiti, ena amati asiye zakuchipatala. Kawirikawiri chimene chachitika n'chakuti khansayo yasintha.

Kumbukirani za chloroquine. Dziko lino linasiya kumugwiritsa ntchito mu 1993 chifukwa tizirombo ta malungo tinali titamuzolowera. Tinapita ku Fansidar, kenako ku LA mu 2007. Maselo a khansa nawonso amazolowera mankhwala.

Mu selo iliyonse muli malangizo oyendetsa ntchito yake, otchedwa majini. Awa si majini a mizimu ayi, ndi tizigawo ta DNA. Khansa zambiri za bere zimakula ndi mphamvu ya homoni ya amayi yotchedwa estrogen, n'chifukwa chake madokotala amapereka mapiritsi ngati tamoxifen kapena letrozole. Koma jini yotchedwa ESR1 ikasintha m'maselo a khansa, maselowo amapitiriza kukula ngakhale estrogen itachepa, ndipo mankhwala a mtundu wa letrozole amalephera.

Kale, kuti adziwe zimenezi, ankayenera kudula kanyama pamalo pomwe khansa yafika, monga m'fupa kapena m'chiwindi, zomwe n'zopweteka komanso zovuta. Tsopano kuli njira ina. Chotupa chimataya maselo ake ena m'magazi, pamodzi ndi tizidutswa ta DNA. Dokotala wina ku Australia, Thomas Ashworth, anaona maselo otere mu 1869, koma makina owawerenga mwa amayi a khansa ya bere yofalikira, otchedwa CellSearch, anavomerezedwa ku America mu 2004. Amatenga magazi okwana mamililita 7.5, ngati kasupuni ka tiyi kamodzi ndi theka, n'kufufuza maselo ochepa chabe pakati pa maselo a magazi mabiliyoni. Akapezeka 5 kapena kuposerapo, ndi chizindikiro choti matenda akuthamanga. Akatswiri amathanso kuwerenga majini a maselowo kapena a tizidutswa ta DNA tija. Mu Januwale 2023, ku America komweko anavomereza mankhwala a elacestrant kwa amayi amene magazi awo aonetsa kuti ESR1 yasintha.

Makolo, musade nkhawa ndi ana anu pa nkhani ya ESR1: kusinthaku kumachitika m'chotupa mokha, sikupita kwa mwana. Majini a BRCA1 ndi BRCA2 ndiwo amayenda m'banja, choncho ngati amayi, azakhali kapena achemwali anadwalapo khansa ya bere, muwauze adokotala.

Nanga mayi wa ku Msundwe zikumukhudza bwanji? Kupima magazi kotere n'kodula, ndipo sikuli m'gulu la zopima za tsiku ndi tsiku m'zipatala za boma. Sikulowanso m'malo mwa kupimitsa bere. Munthu akabwera pamsika ndi kamakina koti mugwire m'manja, n'kumati kakupeza khansa m'magazi, musamupatse ndalama zanu.

Njira yomwe tili nayo ndi iyi. Mayi akapeza chotupa, apite kuchipatala chapafupi, kaya ku St Gabriel's ku Namitete, ku Kabudula kapena kuchipatala chaching'ono cha m'dera lake. Akamutumiza ku Kamuzu Central Hospital, komwe kulinso National Cancer Centre, asazengereze. Kumeneko amatenga kanyama ka chotupa n'kukapima ku labotale yomwe inatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi UNC Project. Funsani adokotala ngati khansayo ndi yodalira homoni, chifukwa yankho lake limathandiza kusankha mankhwala.

Inu mavolontiya ndi osamalira odwala, maso anu ndi ofunika. Mukaona wodwala amene ali pa mankhwala wayamba kumva ululu watsopano m'mafupa, kubanika, chifuwa chosatha, maso achikasu kapena mutu wosaleka, musadikire tsiku la pa kabuku kake. Mubwerere naye msanga, ndipo asasiye mapiritsi payekha. Mankhwala amodzi akalephera, madokotala amatha kusintha, komanso ululu uli ndi chithandizo, kuphatikizapo morphine.

Amayi ambiri m'dziko muno amafika kuchipatala khansa itakula kale. Choncho pamsonkhano wa m'mudzi kapena kusikelo ya ana, akumbutseni kuti chotupa cha m'bere, ngakhale chosawawa, nsonga ya bere yolowa m'kati kapena yotuluka magazi, ndi zotupa za m'khwapa, n'zofunika kukaonetsa sabata yomweyo.