Timibulu ta golide togwira ntchito ya unkhoswe

Golide sachita dzimbiri. Mphete yake ingagone m'nthaka zaka mazanamazana, n'kudzafukulidwa ikunyezimirabe. N'chifukwa chake asayansi ankamuyesa chitsulo chaulesi, chosayanjana ndi chilichonse.

Mu 1987 Masatake Haruta wa ku Japan anasonyeza kuti golide akakhala timibulu tosapitirira nanomita 5, khalidwe lake limasinthiratu. Nanomita ndi yaing'ono bwanji? Yang'anani milimita imodzi pa rula yanu, muigawe m'zigawo 1,000,000. Kachigawo kamodzi ndi kameneko! Timibulu totere timasanduka catalyst, chinthu chofulumizitsa kusintha kwa zinthu zina, koma icho osatha.

Tsono tione ntchito ya golide pa ma alcohol. Limeneli ndi banja lalikulu. Ethanol wa m'mowa ndi mmodzi chabe. Wina ndi benzyl alcohol. Akalandidwa maatomu awiri a hydrogen, amasanduka benzaldehyde, amene fungo lake lokoma amaligwiritsa ntchito m'zakudya ndi m'mafuta onunkhiritsa. Kale ntchitoyi inkafuna mankhwala a chromium, osiya zinyalala zapoizoni.

Apa mpamene ndimamukondera golide. Amachita ngati nkhoswe, yobweretsa awiri pamodzi koma yosalowa m'banjamo. Alcohol amatera pa kambulu ka golide n'kutaya hydrogen woyamba, uja wolumikizana ndi oxygen wake. Nthawi zambiri amathira soda pang'ono kuti zimenezi zifulumire. Kenaka golide amakoka hydrogen wachiwiri kuchokera pa carbon. Oxygen wa mumpweya womwe timapumawu amatola ma hydrogen awiriwo, ndipo chotsala ndi madzi basi. Benzaldehyde amanyamuka, malo aja n'kulandira mlendo wina. Zonsezi zimachitika makamaka m'makona ndi m'mphepete mwa kambuluko, momwe maatomu ali ndi anzawo ochepa owagwira. Timibulu tikakhala ting'onoting'ono, makona amachuluka.

Mu 1998 Laura Prati ndi Michele Rossi a ku Milan anasonyeza kuti golide womwazidwa pa carbon amasintha ma alcohol m'madzi, pogwiritsa ntchito oxygen. Vuto n'lakuti timibuluti tikatenthedwa kwambiri timaphatikana, n'kukula, mphamvu n'kuchepa. Choncho amatimata pa ufa wa zinthu ngati titanium dioxide kuti tisayendeyende. Mu 2006 gulu la Graham Hutchings ku Cardiff linasakaniza golide ndi palladium pa ufa umenewu, ndipo ntchito inathamanga kwambiri kuposa ya golide yekha.