Kutupa kwa kwashiorkor ndi kutupa kwa impso mwa ana

Mwana akatupa nkhope ndi miyendo, ena kumudzi amathamangira kunena kuti ndi tsempho, ena amati wanyentchera. Kusikelo nako ganizo loyamba limakhala kwashiorkor, ndipo nthawi zambiri amalondola. Koma pali nthenda ya impso, imene madokotala amaitcha nephrotic syndrome, yomwe imatupitsa mwana mofanana kwambiri ndi kwashiorkor, chonsecho mankhwala ake ndi osiyana kotheratu.

Matenda awiriwa amafanana chifukwa m'magazi a mwana mumachepa albumin, puloteni imene imathandiza kuti madzi akhale m'mitsempha. Ikachepa, madzi amadzadza m'minofu, ndipo mukadinikiza phazi ndi chala kwa masekondi atatu pamatsala kadzenje. Pa kwashiorkor, gwero ndi zakudya zosakwanira, kawirikawiri mwana atangosiya kuyamwa kapena atadwala m'mimba kwa nthawi. Pa nthenda ya impso, mwana akhoza kumadya bwino kwambiri, koma tizosefera ta m'impso timataya puloteni mumkodzo, ngati sefa yobooka yomwe imadutsitsa ufa ndi gaga womwe.

Zizindikiro zimathandiza pang'ono. Kutupa kwa kwashiorkor kumayambira kumapazi onse awiri, tsitsi limafiira n'kupyapyala, khungu limasupuka, ndipo mwana amanyong'onyeka, osafuna chakudya. Nthenda ya impso imakonda ana a zaka 2 mpaka 6. Zikope zimatupa m'mawa, madzulo madzi amatsikira kumiyendo, m'mimba ndi kumaliseche. Mkodzo umachepa ndipo umachita thovu lochedwa kutha. Komabe maso okha sangagamule. Chogamula ndi kapepala koviika mumkodzo: kakaonetsa puloteni yambiri, 3+ kapena 4+, vuto lili mu impso. Pa kwashiorkor, mkodzo sukhala ndi puloteni yochuluka chotero.

Kusiyana kwakukulu kuli pa thandizo. Mwana wa kwashiorkor amachira ndi mkaka wa F-75 poyamba, kenako F-100 kapena chiponde, pamodzi ndi mankhwala olimbana ndi tizilombo. Mankhwala okodzetsa samupatsa. Mwana wa impso amafunika prednisolone, 2 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku osapitirira 60 mg, kwa masabata 4 mpaka 6, kenako mlingo wocheperako modumphitsa tsiku, zonse pamodzi masabata 8 mpaka 12. Asanayambe, dokotala amafufuza TB, HIV ndi hepatitis B. Chiponde sichingatseke impso yotaya puloteni, ndipo prednisolone wopatsidwa kwa mwana wonyentchera amafooketsa chitetezo chomwe ndi chochepa kale.

Moyo wa pambuyo pake umasiyananso. Kwashiorkor ikatha, chofunika ndi chakudya cha magulu asanu ndi limodzi pakhomo. Nthenda ya impso imakonda kubwerera, makamaka mwana akadwala chimfine, choncho makolo ayenera kuyezetsa mkodzo akaona zikope zatupanso. Achepetse mchere m'ndiwo, asiye zakudya za m'mapaketi zamchere, asamupatse ibuprofen, ndipo asadukize prednisolone poona kuti masaya akula. Kutentha thupi kapena kupweteka m'mimba n'kofunika chipatala tsiku lomwelo, chifukwa madzi a m'mimbamo amagwidwa ndi tizilombo mosavuta. Ana ambiri amamva mankhwala a prednisolone; amene sakusintha pakatha masabata 4 mpaka 6 ayenera kutumizidwa ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe.

Mayi wa mwana wotupa amanyozedwa msanga kuti sadyetsa mwana, kapena kuti makolo analakwira mwambo, ndipo masiku amatha banja likulozana chala. Ndikupempha alangizi a zaumoyo, anamwino ndi makolo kuti mwana aliyense wotupa ayezedwe mkodzo asanalembedwe m'kaundula wa onyentchera. Kuyezako kumatenga mphindi zochepa, ndipo kumapulumutsa mwana ku masabata a thandizo lolakwika.