Nkhondo ya m'ciberekero ng'ombe ikaswa, mayi akacira

Kodi munaiyang'anapo bwino ng'ombe yanu itangoswa? Masiku oyamba imatulutsa zamadzi zofiirira kumbuyo, mcira nkuda. Eni ng'ombe ambiri sadandaula nazo, ndipo amalondola, cifukwa ng'ombeyo ikudziyeretsa. Koma nthawi zina zotulukazo zimayamba kununkha ngati nyama yowola. Ng'ombe imaleka kudya, mkaka umacepa, kamwana kake kamangolira. Apo dziwani kuti m'ciberekero muli nkhondo, ndipo ng'ombe yanu ikugonja.

Nkhondo yomweyi imacitikanso mwa mayi amene wangocira kumene. Pepani amayi, sikuti tikukuyerekezani ndi ciweto ayi. Kungoti pa nkhani iyi matupi amagwira nchito mofanana kwambiri. Ngakhale nthawi yonyamula mwana ndi imodzimodzi, pafupifupi miyezi 9.

Mwana ali m'kati, khomo la ciberekero limakhala lotseka. Akatuluka, limatsala lotseguka kwa masiku angapo. Ndiye pali nsengwa, cija cimatuluka pambuyo pa mwana. Pamene inamatirira pamatsala bala. Ganizani bala lalikulu, lonyowa, lofunda, lokhala ndi magazi. Tizilombo tosaoneka ndi maso, tija amati mabakiteriya, timakonda malo otero. Timacokera m'ndowe, m'dothi, m'manja osasamba, pa nsanza zakuda. Kuno ku Chiuta mukudziwa mmene khola limakhalira mvula ikalimba, madambo atadzaza: matope ndi ndowe zokhazokha. Akatswiri a ziweto anapeza kuti m'masabata awiri oyamba, tizilombo timalowa m'ciberekero ca pafupifupi ng'ombe iliyonse. Koma si zonse zimadwala. Cifukwa ciani?

Cifukwa thupi lili ndi citetezo cake. Khungu lofewa la m'kati mwa ciberekero limazindikira kuti mwalowa mdani. Limatumiza uthenga, ngati kuliza ng'oma pamudzi. Mitsempha ya magazi ya pamenepo imakula, magazi nkubwera ambiri. M'magazimo muli maselo oyera, amene anthu amawachula kuti asilikali a m'thupi. Iwo amatuluka m'mitsempha, namameza tizilombo. Ambiri amafera pomwepo. Mafinya amene mumaona ndi mitembo ya asilikali aja pamodzi ndi tizilombo. Kutupa, kutentha ndi kupweteka ndi zizindikiro zakuti nkhondo ili m'kati.

Ciberekero naconso cimathandiza. Cimadzifinya, nkumakankhira zoipa kunja. Mwana akamayamwa, cimafinya kwambiri. Nkuona mayi amamva kupotokola m'mimba poyamwitsa masiku oyamba. Kumapweteka ndithu, koma ndi kwabwino. Pakatha masabata 6, ciberekero ca mayi cimakhala citabwerera mwakale.

Tsono kutupa kuli ngati moto wotentha zinyalala m'munda. Ukayaka pang'ono nkuzima, munda umayera. Koma ukhoza kulephera kuyaka, zinyalala nkutsala. Ukhozanso kukana kuzima, nkulowa ku nkhokwe.

Citetezo cimafooka thupi likakhala lofooka. Ng'ombe yoswa mu Okutobala kapena Novembala, msipu utatha, nthiti zili poyera, ilibe mphamvu zomenyera nkhondo. Mayi wocepa magazi cifukwa ca malungo kapena kusadya bwino, mayi amene ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV, mayi amene anavutika nthawi yaitali pocira, onsewa ali pangozi yaikulu.

Cina coopsa ndi nsengwa yotsalira. Kwa ng'ombe, ikapitirira tsiku lathunthu isanagwe, ndiye kuti yakanirira. Kwa mayi nthawi yake ndi yocepa zedi: pakatha mphindi 30 isanatuluke, anamwino amayamba kucitapo kanthu. Alipo ena amene amaikoka nsengwa ya ng'ombe, kapena kumangirirako mwala kuti igwe. Musatero. Imaduka, zidutswa nkutsala m'kati kumawola, ndipo bala limakula. Kulowetsa masamba kapena mizu kumalo obisika, kaya a ng'ombe kaya a munthu, nakonso nkutsegulira mdani citseko.

Tsono apa werengani mofatsa, makamaka inu abambo, apongozi ndi azakhali amene mumasamala mayi ali m'cikuta. Ngozi imakhalapo mpaka masiku 42 cicirireni. Mayi akatentha thupi kufika madigiri 38, akamanjenjemera, akamamva kupweteka pansi pa mcombo, zotuluka zikamanunkha, kapena magazi akayambanso kucuruka, musadikire kuti kuce kawiri. Vuto lake nlakuti kuno aliyense akatentha thupi timati ndi malungo. Mwina ndi malungodi. Koma mwa mayi wa khanda, akhoza kukhala matenda a m'ciberekero, ndipo mankhwala a malungo sapha mabakiteriya. Tizilombo tikalowa m'magazi, citetezo cimayaka thupi lonse mosalekeza, nkuyamba kuononga impso, mapapo ndi ziwalo zina. Mayi akhoza kumwalira m'masiku ocepa. Pitani naye ku Centro de Saúde yapafupi, mukanene tsiku limene anacira. Zikavuta, iwo adzamutumiza ku cipatala cacikulu, monga ca ku Cuamba. Akapatsidwa maantibayotiki, amalize onse, ngakhale ayambe kupeza bwino.

Ngakhale mayi ali bwinobwino, bungwe la zaumoyo la WHO limalangiza kuti aonedwe ndi a cipatala kanayi: tsiku loyamba, tsiku lacitatu, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndiponso pa masabata 6.

Palinso moto uja wokana kuzima. Umanyeka pang'onopang'ono, mwakacetecete. Ng'ombe imadya, imayenda, koma patapita masabata atatu ikutulutsabe mafinya oyera. Nkhunzi imaikwera kawiri, katatu, bere osatenga. Mwini wake amati yauma, nkuigulitsa mochipa kwa opha nyama. Conseco m'ciberekero cotupa mbewu singakhazikike, ndipo zambiri mwa ng'ombe zotere zimatha kucira zikathandizidwa.

Mwa amayi, moto wotere umabwera kawirikawiri ndi matenda opatsirana pogonana, monga cinzonono. Tizilombo timakwera kucoka pa khomo la ciberekero mpaka m'timacubu tiwiri timene dzira limadutsamo. Kutupa kukakhalitsa, mumatsala zipsera, njira nkutsekeka. Banja likasowa mwana, zala zonse zimaloza mkazi. Si cilungamo cimeneco. Nthawi zambiri matendawa ali ndi onse awiri, ndipo mkazi akalandira mankhwala yekha, amawatenganso kwa mwamuna wake.

Kwa anthu a m'mbali mwa nyanja pali cinanso: likodzo. Mumalidziwa ndi kukodza magazi. Koma mazira a nyongolotsi zake samathera m'cikhodzodzo mokha. Ena amakodwa pa khomo la ciberekero ndi m'ziwalo zina za amayi. Asilikali a m'thupi amazinga dzira lililonse, pamenepo nkucita tizilonda. Mayi amamva kupweteka pokhala ndi mwamuna wake, mwina nkuona timagazi. Ambiri amaganiza kuti ndi matenda opatsirana, m'nyumba nkubuka mkangano, pamene gwero lake ndi madzi amene amacapamo tsiku ndi tsiku. Mukapita kucipatala, nenani kuti mumacapa ndi kusamba m'nyanja. Mankhwala ake alipo, dzina lake praziquantel.

Nanga kupewa? Mu 1847, mumzinda wa Vienna ku Ulaya, dokotala wina dzina lake Ignaz Semmelweis anaona amayi ambiri akumwalira ndi kutentha thupi atacira. Madokotala ankacoka kopima mitembo nkukagwira amayi. Iye analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini. M'mwezi wa Epulo, amayi pafupifupi 18 pa 100 alionse anamwalira. Pofika Juni anali pafupifupi 2. Madokotala anzake ambiri sanamukhulupirire, cifukwa nthawi imeneyo za tizilombo zinali zisanadziwike bwino.

Ndiye cifukwa cake kucirira kucipatala, kumene zipangizo amaziphika, kumaposa kucirira kunyumba. Kunyumba mayi agwiritse nchito nsalu zocapidwa ndi sopo, zoyanikidwa padzuwa mpaka kuuma.

Ng'ombe kapena mbuzi ikayandikira kuswa, ipatuleni pamalo ouma, poyala udzu. Mukafuna kuithandiza, sambani ndi sopo, ndipo valani pulasitiki m'manja. Apa mukudziteteza inunso. Pali matenda ochedwa brucellosis amene amataitsa bere ndi kukaniritsa nsengwa, ndipo amalowa mwa munthu akagwira zotulukazo ndi manja, kapena akamwa mkaka wosawiritsa. Mayi woyembekezera asagwire nkomwe. Nsengwa ikwirireni mozama, agalu asafukule. Ng'ombe ikatentha thupi kupitirira madigiri 39.5, kapena ikataya bere, kauzeni alangizi a ziweto a ku SDAE ku Insaca. Akaibaya jekeseni, afunseni kuti padutse masiku angati musanayambenso kumwa mkaka wake.