Kuthamanga si Kufika: Phunziro la Ndege ya Dakota

Akuluakulu amene adali anyamata pamene dziko lino linkalandira ufulu wodzilamulira akuikumbukira ndege ina ya mapiko otambalala ndi liwu lokhuthala, imene inkayamba kumveka isanaoneke. Dzina lake ndi Douglas DC-3, koma ambiri ankangoti Dakota. Pamene kampani ya Air Malawi idayamba ntchito m'chaka cha 1964, ili nthambi ya Central African Airways, idayamba ndi ndege za mtundu umenewu pamodzi ndi tindege tating'ono totchedwa Beaver. Kampaniyo idatha m'chaka cha 2013, ndipo Dakota idaleka kalekale kunyamula anthu m'dziko muno. Komabe ndegeyi ikadali ndi phunziro loti itipatse, makamaka ife aphunzitsi ndi inu amene mwangotsiriza sukulu.

Dakota idauluka koyamba pa 17 Disembala 1935 ku California, m'dziko la America, ndipo tikawerengera pamodzi ndi zankhondo, zidapangidwa zoposa 16,000. Ili ndi injini ziwiri, iliyonse ya masilinda 14 ndi mphamvu ya mahosipawa 1,200. Injini iliyonse imazunguza pulopela, imene imapalasa mphepo monga momwe nkhafi ipalasira madzi a mu Shire. Imanyamula anthu kuyambira 21 mpaka 32. Mathanki ake amalowa petulo wokwana pafupifupi malita 3,000, ndiye kuti migolo 15 ya malita 200. Ikamayenda mwakachetechete pa liwiro la makilomita 260 pa ola, imamwa malita pafupifupi 360 pa ola lililonse.

Nanga munthu wa ku Machinga kapena ku Balaka angaiyendetse bwanji ndege yotere lero? Yankho lake ndi kompyuta. Nzeru yophunzira kuuluka uli pansi si yatsopano, pakuti m'chaka cha 1929 Edwin Link wa ku America adapanga kabokosi kokhala ndi zogwirira zonga za m'ndege, ndipo oyendetsa ndege ambirimbiri a pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adaphunziriramo. M'chaka cha 1982 kudatuluka pologalamu ya Microsoft Flight Simulator, ndipo mtundu wake wa 2003 udali ndi DC-3. Palinso ina yaulere yotchedwa FlightGear. M'mapologalamu otere muli mapu a dziko lonse lapansi, kotero kuti munthu amaona mtsinje wa Shire, nyanja ya Malombe ndi phiri la Zomba zili m'malo mwake. Chachikulu koposa n'chakuti amatsanzira kulemera kwa ndege, mphamvu ya mphepo ndi kamwedwe ka mafuta.

Tsiku lina nditaweruka ndidaitana ana anga a Fomu 4, ndi kuwapatsa ulendo wochokera ku Karonga kupita ku Chileka, mtunda wa makilomita pafupifupi 650. Ndidati tiyambe ndi choko tisanakhudze kompyuta. Kukakhala bata, makilomita 650 pa liwiro la 260 ndi maola awiri ndi theka, ndipo mafuta ake ndi malita 900. Koma ulendo wathu tidauika m'mwezi wa Julayi, nyengo ya mwera, ndipo wopita kum'mwera amakumana nayo mphepoyo maso ndi maso. Tidati mwerawo ukhale wa makilomita 40 pa ola. Tsono ndege imene ikung'amba mphepo pa 260 imadutsa nthaka pa 220 pokha. Ulendo umatalika kufika pafupifupi maola atatu, ndipo mafuta amakwera kufika malita 1,060 ndi kanthu. Pamwamba pake tidaonjezera malita 270 a mphindi 45 zodzitetezera, poopa kuti mwina pofika tingapeze bwalo litaphimbidwa ndi chiperoni. Tidathira malita 1,350.

Woyamba kukhala pa mpando adali mnyamata wochangamuka, katswiri wa mpira. Iyeyu adakankha zogwirira za injini pafupifupi mpaka kumapeto, nazisiya pomwepo. Ndege idathamangadi, anzake n'kumaomba m'manja. Koma atadutsa nyanja, Balaka akuonekera chapatali, injini yakumanzere idatsokomola n'kuzima, yakumanja n'kutsatira. M'chipindamo mudangoti zii. Pambuyo pake padakhala mtsikana wofatsa, amene atakwera m'mwamba adabweza mphamvu, nachepetsa petulo wolowa mu injini monga tidaphunzirira. Adachedwa, inde, koma adatera pa Chileka mafuta odzitetezera aja ali chikhalire. Apa ndi pamene anawo adamvetsa mwambi wa makolo uja wakuti kuthamanga si kufika.

Kodi chidamuchitikira mnyamata uja n'chiyani? Tulutsani dzanja pa zenera la basi, mudzamva mphepo ikulikankhira m'mbuyo. Kukankha kumeneku sikukula molingana ndi liwiro ayi. Liwiro likawirikiza kawiri, kukana kwa mphepo kumawirikiza kanayi, ndipo mphamvu yofunika kuti muigonjetse imawirikiza kasanu n'katatu. Motero makilomita otsiriza a liwiro ndiwo okwera mtengo koposa onse. Mnyamatayo adaonjezera liwiro pang'ono chabe, koma injini zake zinkamwa pafupifupi kawiri.

Chifukwa china chili m'kati mwa injini. Petulo sayaka yekha. Amafuna mpweya, monga nkhuni pa mafuwa. Pamene injini ikugwira ntchito ya kalavulagaga, monga ponyamuka, imapatsidwa dala petulo wopitirira muyeso, pakuti wotsalayo amathandiza kuziziritsa masilinda. Koma ndege ikakhazikika m'mwamba, woyendetsa ayenera kuchepetsa petuloyo. Pa mamita 3,000, msinkhu wofanana ndi nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, mpweya umapepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai. Wosachepetsa petulo kumeneko ali ngati mayi wounjika nkhuni pa moto wosakupizidwa: utsi wambiri, nsima osapsa.

Mwina wina angafunse kuti, bwanji osangodzaza mathanki kuti mtima ukhale m'malo? Mafuta nawonso ndi katundu. Lita imodzi ya petulo wa ndege imalemera pafupifupi magalamu 720, kotero mathanki odzaza a Dakota amaposa matani awiri. Malita 160 amene mwera udatilanda aja ndi makilogalamu 115, kulemera kwa munthu wamkulu pamodzi ndi sutikesi yake. Wothira mafuta ochuluka amatsitsa anthu kapena makalata. Wothira ochepa amaika miyoyo pa chiswe. Kutentha nakonso kuli ndi mau ake. Dzuwa la mu Okutobala, limene ife a m'chigwa cha Shire tikulidziwa bwino, limapepukitsa mpweya, ndipo mapiko ndi mapulopela amasowa pogwira. Ndege yolemera imafuna bwalo lalitali masana kuposa m'mamawa. Zonsezi woyendetsa Dakota ankaziwerengera pa pepala asanalize injini.

Tisanamizane, kompyuta si ndege. Wogwa pa kompyuta amadzuka n'kukamwa tiyi, pamene wogwa m'mlengalenga sabwereza mayeso. Ndiponso si pologalamu iliyonse imene imatsanzira injini zakalezi mokhulupirika. Koma masamu ake ndi oona, ndipo sagwira ntchito m'mwamba mokha.

Dziko lathu silikumba mafuta. Dontho lililonse limagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo ena mwa mafutawo amalowera pa njanji ya ku Nacala, imene imadutsa pakhomo pathu pomwe, pa Nayuchi, Liwonde ndi Nkaya. Tonse tikukumbukira mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta m'zaka za 2022 mpaka 2024. Lamulo limene lidagwetsa mnyamata wathu uja ndi lomwelo limene limadya phindu la woyendetsa minibasi kapena njinga yamoto ya kabaza pa msewu wa Liwonde ndi Balaka, pamene athamangitsa kuti apitirire mnzake ndi mphindi zisanu.

Kwa aphunzitsi anzanga ndikuti, ana athu sadana ndi masamu; amadana ndi masamu opanda ulendo. Ngakhale pasukulu popanda kompyuta, mapu a Malawi, rula ndi choko n'zokwanira kuti kalasi inyamuke ku Karonga ndi kuona ngati ikafike. Ndipo inu amene mwasiya sukulu chaka chino, muli ndi mafuta owerengeka: kandalama ka mpamba, mphamvu za unyamata ndi zaka zochepa. Musanakankhe zogwirira, khalani pansi muwerenge mtunda, muufunse mwera, ndipo musiye malita ena a tsiku la chiperoni.